Anaikoka ndani miyala ya ku Wiltshire?

Basi nambala 49 imanyamuka ku Swindon n'kumadutsa m'minda ya tirigu ndi balere, kenaka mwadzidzidzi imangolowa pakati pa miyala. Ndi mmene ndinafikira ku Avebury. Palibe geti, palibe wolipiritsa. Msewu umangodutsa pampata wa chimtumbira chachikulu cha dothi, ndipo ukasuzumira pawindo umaona chimwala chotuwa, chotalika kuposa khoma la nyumba, chitaima m'mbali mwa msewu ngati munthu wodikira matola. Mwana wanga wa zaka 11 anandikoka dzanja. "Amayi, ndi imeneyi?" Ndinati eya, tiye titsike.

Ndakhala ku Swindon zaka zinayi ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo m'zaka zonsezo njira zimene ndinkazidziwa zinali za kuntchito, za kutchalitchi ndi za kusitolo yogulitsa ufa. Sindinkalabadira kuti tauniyi ili m'dera lotchedwa Wiltshire, kumwera chakumadzulo kwa England, dera la alimi, la zitunda za choko zopanda mitengo yambiri, kumene nkhosa zimaoneka ngati thonje lomwazika pa udzu. Anandidzutsa ndi agogo ena amene ndimawasamalira. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anandifunsa ngati ndinakaonako miyala. Nditayankha kuti ayi, anandiyang'ana modabwa, nati iwo ali mtsikana ankasewera chibisalirano kuseri kwa miyala imeneyo. Nditapeza masiku atatu opuma mu Okutobala, ndinati tiyeni tikaone.

Ku Avebury kuli bwalo la miyala lalikulu kuposa ena onse padziko lapansi, koma chimene chinandigwira mtima poyamba ndi mgula. Anthu a zaka pafupifupi 4,500 zapitazo anakumba dzenje lozungulira, loti ukamalitsata umayenda mtunda wopitirira kilomita imodzi, ndipo kuya kwake pamalo ena kunkafika mamita 9. Dothi analiunjika kunja kwa mgulawo, osati mkati. Womanga linga lodzitetezera sachita choncho, chifukwa mdani angaime pamwamba n'kumakulasa uli pansi. Awa ankamanga bwalo, malo osonkhanira. Analibe chitsulo, analibe khasu. Choko cholimbacho ankachigumula ndi nyanga za agwape, n'kumawola ndi mafupa a mapewa a ng'ombe, n'kumatuta m'madengu. Ndinaima m'mphepete mwake ndikuganiza za msana wanga titatha kupanga mizere ya ekala imodzi kwathu ku Dedza, tili ndi makasu enieni a chitsulo. Munthu amene anagwirapo mpini sangaone mgula uwu osamva kuwawa m'chiuno.

M'kati mwa mgulamo anaimikamo miyala pafupifupi 100 mozungulira, ndi mabwalo ena awiri ang'onoang'ono pakati. Miyalayi sanaiseme. Ili monga anaipezera m'zitunda zapafupi, ina yaitali ngati mzati, ina yotambalala yosongoka uku ndi uku. Ndinaika chikhatho pa umodzi. Unali wozizira, wokhakhala, wa maenje oti chala n'kulowa, ndipo m'munsi mwake munali mosalala ndi monona chifukwa nkhosa zimadzikhulapo. Mudzi uli momwemo, m'kati mwa bwalo: nyumba zofolera udzu, katchalitchi kakang'ono, malo omwera mowa otchedwa Red Lion. Mayi wina ankayanika zovala mwala wa makolo uli kuseri kwa mpanda wake.

Koma miyala yambiri kulibe. Pamene panali mwala pali kachipilala ka simenti kofika m'chiuno. Anaiwononga ndi eni mudzi omwe. M'zaka za m'ma 1300 anayamba kuigwetsera m'maenje n'kuikwirira. Mu 1938 ofukula anapeza mafupa a munthu pansi pa mwala umodzi wogwetsedwa, ali ndi sizasi yometera, kachitsulo ka asing'anga ndi ndalama zasiliva za nthawi imeneyo, n'chifukwa chake mpaka lero mwalawo umatchedwa wa wometa. Patadutsa zaka mazana angapo, cha m'ma 1700, alimi anapeza njira ina: kusonkha moto waukulu pansi pa mwala, ukatentha n'kuuthira madzi ozizira, n'kuuswa ndi nyundo kuti amangire nyumba. William Stukeley, wofufuza zakale amene anaziona ndi maso, anajambula zimenezi ali ndi chisoni. Ukayang'anitsitsa makoma a nyumba zakale za m'mudzimo umaona zidutswa zake. Miyala imene yaima lero, yambiri anaiimikanso ndi Alexander Keiller m'zaka za m'ma 1930, ndi chuma cha banja lake lopanga jamu wa malalanje ku Dundee. Ndimamuyamika, koma sindiiwala kuti pofuna kuti miyala ioneke bwino nyumba zina zinagwetsedwa ndipo mabanja anasamutsidwira kunja kwa bwalo. Nkhani ya kuchotsa anthu pamalo pawo ndinakumana nayonso tsiku lachiwiri.

Kuchoka pa Avebury tinayenda wapansi kulowera kumwera, m'kanjira ka matope kotsata kamtsinje. Mwana ndiye anayamba kuliona. "Chulu chija!" Ndipo n'zoona, Silbury Hill imaoneka ngati chulu chimene chinakula mopitirira muyeso, chobiriwira, chosalala, chodulidwa pamutu. Kutalika kwake n'kopitirira mamita 30, ndipo ku Ulaya konse kulibe chitunda china chounjikidwa ndi anthu akalekale choposa ichi. Choko chonsecho chinabwera ndi madengu cha m'ma 2400 Yesu asanabadwe. Azungu anachiboola katatu, mu 1776, mu 1849 ndi mu 1968, akuyembekeza kupezamo manda a mfumu ndi golide. Sanapezemo mtembo kapena chuma. Mabowo awo ndi amene anachifooketsa mpaka pamwamba pake panatitimira mu 2000, ndipo anachita kuchikonza pothiramonso choko. Ofukula a masiku ano anaona kuti sichinamangidwe kamodzi. Chinayamba ngati kamulu kakang'ono ka miyala ndi dothi, anthu n'kumawonjezera, kuwonjezeranso, mibadwo ingapo. Lero saloleza kukwerapo, ndipo ine ndinaona kuti n'koyenera.

Tinawoloka msewu waukulu, n'kukwera mtunda pakati pa minda yokololedwa kale, mphepo ikutimenya kumaso. Pamwamba pali West Kennet Long Barrow, manda akale kuposa zonse ndatchulazi, a cha m'ma 3650 Yesu asanabadwe. Ndi mtumbira wautali pafupifupi mamita 100, ndipo kum'mawa kwake kuli khomo lotchingidwa ndi miyala ikuluikulu. Umalowera chammbali. M'kati muli kanjira ndi tizipinda tisanu ta miyala, tiwiri uku, tiwiri uko, kamodzi kumapeto. Mmenemo munapezeka mafupa a anthu oposa 30, amuna, akazi ndi ana, ndipo anthu anapitiriza kubwera kudzawaona kwa zaka pafupifupi 1,000 asanatseke pakhomo.

Ndinaima pakhomopo nthawi yaitali. Kwathu sitilowa kumanda chilowelowe. Kumanda n'kwa adzukulu, n'kwa amfumu, ndipo mwana sapondako. Apa panali anthu ovala majekete owala akulowa ndi kutuluka, ena ndi agalu awo. Mwana wanga anafunsa ngati angalowe. Ndinamuuza kuti avule chipewa ndipo asakweze mawu. Tinalowa. Munkanunkha chinyontho, mdima wake wofewa, kuwala kukulowera pa kagalasi ka padenga. M'kachipinda ka kumapeto wina anasiyamo ngala za tirigu zomangidwa ndi kaulusi ndi kandulo yozima. Pa mwala wina pafupi ndi khomo pali posalala pamene anthu akale ankanolera nkhwangwa zawo za mwala. Ndinapitapo ndi chala. Agogo anga aamuna anali ndi mwala wonolera wotero pansi pa mtengo wa mango, wokumbika pakati chimodzimodzi. Ndinapezeka ndanena chamumtima mawu amene timanena tikafika pakhomo pa eni: zikomo, tangodutsa.

Madzulo tinakweranso basi yomweyo kupita ku Devizes, tauni ya msika ya nyumba za njerwa zofiira. Kumeneko kuli nyumba yosungira zakale imene ili ndi kachigamba ka golide kopyapyala kolembedwa timizere tosalakwika, kamene kanali pachifuwa cha munthu wina woikidwa m'manda pafupi ndi Stonehenge, bwalo lina lotchuka la miyala, zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Koma chimene mwana wanga amakumbukirabe ndi chipilala cha pamsika. Pamenepo analembapo nkhani ya mayi wina, Ruth Pierce, amene mu 1753 anasonkherana ndi anzake kugula thumba la tirigu. Ndalama zitaperewera iye analumbira kuti wapereka gawo lake, nati ngati akunama agwe afe pomwepo. Anagwadi n'kufa, ndalama ili m'manja. Tauni inailemba pamwala kuti onse ochita malonda aziwerenga. Nkhani ngati imeneyi mukanaimva pa msika wa Chimbiya kapena wa Lizulu simukanadabwa nayo.

Tsiku lachiwiri mlongo wina wa kutchalitchi kwathu anatitenga pa galimoto yake. Msewu wochoka ku Devizes kupita ku Salisbury umadutsa pa chigwa chachikulu chopanda midzi, Salisbury Plain, ndipo m'mbali mwake muli zikwangwani zochenjeza kuti akasinja a nkhondo amawoloka pano. Malo ambiri kumeneko ndi ophunzirirako asilikali. Pakati pa chigwacho pali mudzi wa Imber. Chakumapeto kwa 1943 anthu ake, pafupifupi 150, anawaitanira ku msonkhano n'kuwauza kuti pasanathe masiku 47 akhale atachoka, chifukwa asilikali a ku America akufuna kuphunzirirapo nkhondo. Anachoka Khirisimasi isanafike, ena anasiya katundu m'nyumba poganiza kuti nkhondo ikatha abwerera. Sanaloledwe kubwerera mpaka lero. Chatsala chathunthu ndi tchalitchi cha St Giles, chimene chimatsegulidwa masiku owerengeka pa chaka. Sitinathe kufikako chifukwa msewu unali wotseka, koma ndinakhala chete mtunda wautali. Ndinkaganiza za nkhalamba yosiya manda a mwamuna wake kuseri kwa waya.

Stonehenge ndi ija aliyense anaionapo pa chithunzi, ndipo kunena zoona, nditangoiona patali inandichepera. Ili pa mtetete, palibe mtengo kapena nyumba yoiyerekezera nayo. Umalipira ndalama zambiri ndithu, n'kukwera kabasi kapena kuyenda makilomita awiri ndi theka, ndipo ukafika umaizungulira uli kuseri kwa chingwe, msewu wa A303 ukulindima chapafupi. Kukula kwake kumabwera pang'onopang'ono, ukamayandikira. Miyala ikuluikuluyo, yolemera pafupifupi matani 25 umodzi, anaiimika cha m'ma 2500 Yesu asanabadwe, ndipo iyi anaisema. Pamutu pa mwala woima anasiyapo kansonga, pansi pa mwala wopingasa anabowapo dzenje, kuti zilumane monga kalipentala amalumikizira mwendo wa tebulo. Anali anthu ozolowera mitengo, ndipo mwala anaugwira ngati mtengo. Anaiyalanso molunjika kumene dzuwa limatulukira pa tsiku lalitali la chaka mu Juni, ndi kumene limalowera pa tsiku lalifupi mu Disembala.

Za kumene inachokera ndi zimene zimazunguza mutu. Ikuluikuluyo, kafukufuku wa mu 2020 anasonyeza kuti yambiri inachokera ku West Woods pafupi ndi Marlborough, makilomita pafupifupi 25 kumpoto. Ina yocheperapo, ya matani awiri mpaka asanu, inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, mtunda woposa makilomita 200. Ndipo mu 2024 asayansi analengeza kuti mwala wogona pakati, wa matani pafupifupi sikisi, unachokera kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, makilomita cha m'ma 700. Tangoganizani kunyamula mwala ku Karonga kukautula ku Blantyre, wopanda galimoto, wopanda ngolo ya mateyala.

Komabe pamene ndinakhalitsa si pa miyalayo. Kuseri kwa nyumba yolandirira alendo anamangako tinyumba tofanizira timene ofukula anapeza ku Durrington Walls, mudzi wa makilomita atatu kuchokera apa, kumene akuti omanga ankakhala. Nditawerama n'kulowa, ndinangoti ha! Nsichi zolukidwa ndi timitengo, zomatidwa ndi choko, denga la udzu, pansi pozira bwino, moto pakati, timabedi ta mitengo m'mbali. Ndi nyumba imene ndinabadwiramo, kusiyana mtundu wa dothi basi. Mwana wanga anabwera kuno ali ndi zaka 7 ndipo zambiri za kumudzi anaiwala, koma anati, "Amayi, ngati kukhitchini kwa agogo." Ku Durrington Walls kunapezekanso mafupa a nkhumba ochuluka zedi, zambiri zophedwa zili ndi miyezi pafupifupi 9, kusonyeza kuti madyerero ankachitika pakati pa nyengo yozizira, ndipo ziweto zina zinachokera kutali. Panja pali chimwala chofanizira chomangirira pa mitengo, choti alendo ayese kukoka. Ana anayi anakoka mpaka nkhope kufiira, osasuntha.

Pamenepo mpamene ndinazindikira chimene ndakhala ndikuchiona kuyambira pa mgula wa ku Avebury. Ndi dima. Kwathu munthu akafuna kulima munda waukulu kapena kusenza denga la nkhokwe amafulula mowa kapena thobwa, amapha mbuzi, n'kuitana mudzi. Anthu amabwera ndi makasu awo, wina amayambitsa nyimbo, ntchito yosatheka munthu mmodzi imatha dzuwa lisanapendeke. Sindikunena kuti miyambo yawo inali yathu, ndipo mwina pankakhalanso okakamizidwa, monga zimakhalira pa ntchito zikuluzikulu. Koma chingwe, nyama yowotcha, anthu ochokera kutali kudzakumana pa nyengo yake, makolo ogona pafupi, zonsezi ndimazidziwa. Kusukulu tinaphunzira za azungu kuyambira pa sitima zawo, mabuku awo ndi mfuti zawo, ngati kuti anabadwa atagwira cholembera. Palibe anatiuzapo kuti makolo awo ankagona m'nyumba zomata, ankasunga mafupa a akufa awo, ndipo sanasiye ngakhale chilembo chimodzi. Mayina awo, nyimbo zimene ankaimba pokoka, zonse zinapita. Mwala wokha ndiwo unakana kuola. Ngakhale mwalawo unapulumuka mwamwayi: mu 1915 Stonehenge inagulitsidwa pa okushoni ngati munda wamba, Cecil Chubb n'kuigula pa mapaundi 6,600, ndipo patatha zaka zitatu anaipereka ku boma.

Tisanalowe mu Salisbury tinaima pa Old Sarum, phiri lozunguliridwa ndi migula iwiri, pamene panali mzinda woyamba. Panali linga la mfumu ndi tchalitchi chachikulu, koma madzi ankasowa, mphepo inkasokoneza mapemphero, ndipo ansembe sankamwerana madzi ndi asilikali. Mu 1220 anatsikira kudambo n'kuyamba tchalitchi chatsopano, anthu n'kuwatsatira. Pamwamba panatsala maziko okha pa udzu. Chodabwitsa n'chakuti phiri lopanda anthulo linapitiriza kutumiza aphungu awiri ku nyumba ya malamulo mpaka 1832.

Tchalitchi cha ku Salisbury chinamangidwa zaka 38 zokha, ndipo nsanja yake yosongoka, imene anaiwonjezera pambuyo pake, ndi ya mamita 123, yaitali kuposa ya tchalitchi china chilichonse ku Britain. Maziko ake ndi osaya, kungopitirira pang'ono mita imodzi, okhala pa miyala ya mumtsinje yonyowa. Bambo wina woonetsa alendo anatsegula kabowo pansi, n'kulowetsamo ndodo, n'kuitulutsa ikudontha madzi. Anatiimikanso pansi pa mizati yonyamula nsanja kuti tiyang'ane m'mwamba, ndipo umaona ndi maso kuti inapindika ndi kulemera. Muli wotchi ya chitsulo ya cha m'ma 1386 yopanda nkhope, yongoliza belu. M'chipinda china, mu kamdima, muli chikalata chotchedwa Magna Carta cha 1215, chimodzi mwa zinayi zotsala, cholembedwa m'Chilatini pa chikopa cha nkhosa ndi timalemba tothinana ngati nyerere. Mmenemo ndi mmene mfumu John inakakamizidwa kuvomera kuti mfulu isamangidwe popanda kuweruzidwa mwalamulo. Ife amene tinakula tikumva akuluakulu akunong'ona za anthu otengedwa usiku osaonekera kukhoti, mawu amenewo sitiwawerenga mothamanga.

Titatuluka ndinakhala pa benchi pa kapinga wa tchalitchi n'kuimbira amayi pa WhatsApp. "Amayi, ndili ku Salisbury." Anakhala kaye chete. "Kumene anakatchona agogo ako?" Bambo awo anapita ku Salisbury ya ku Rhodesia wapansi, nakagwira ntchito yophika m'nyumba ya mzungu zaka zambiri, monga anachitira amuna ochuluka a kwathu. Ndinawafotokozera kuti iyi ndi ina, kuti ya agogo ija inatchedwa dzina la Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain pamene atsamunda ankafika kumeneko mu 1890, ndipo mu 1982 inasanduka Harare. Ndinatembenuza foni kuti aone nsanja. Anati ndi yokongola, koma chidwi chawo chinali pa zimene mdzukulu wawo ankawauza molumphalumpha, za manda olowamo ndi nyumba yonga khitchini yawo.

Kenaka anandifunsa funso limene linandilasa. "Nanga za ku Mphunzi unakazionapo iwe?" Sindinakazionepo. Ndinakulira mtunda woyenda ndi njinga kuchokera ku mapanga a Chongoni, kuphatikizapo a ku Mphunziwo, kumene kuli malo 127 a zojambula pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, za chinamwali ndi za gule. UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, mndandanda womwewo umene Stonehenge ndi Avebury zinalowapo mu 1986. Ife tinkangoti ndi kuphiri kotola nkhuni. Ndipo zathuzo zili ndi chimene miyala ya ku Wiltshire inataya: anamkungwi amene angakuuze tanthauzo la zina mwa zojambulazo akadali moyo, ena mwa iwo amayi amapemphera nawo limodzi.

Ndinawauza kuti tikubwera chaka chamawa mu Ogasiti, sukulu zikatsekera. Amayi anati ndisadzapite ndekha ngati mlendo, ndidzayambe ndaonekera kwa amfumu. "Atsibweni ako ndiwo adzakuperekezeni. Ankadyetsa mbuzi komweko, mapanga onse amawadziwa. Koma udzabwere ndi nsapato zokwerera phiri, ndipo mwanayo umuuze kuti kumeneko sakhudza ndi manja."